Achemwali, za anthu osokoneza pa sewero lanu zija

Achemwali, uthenga wanu ndinauona m'mawa koma ndinali kotangwanika, ndiye ndati ndiyankhe pano ndakhala pansi. Mwati gulu lanu la achinyamata linaonetsa sewero mu holo pa boma pano pa Mangochi mwezi watha koma zinathera m'misozi, anyamata kumbuyo kumangokuwa, mafoni kulira, ana kuthamangathamanga, wina woledzera kukwera mpaka pa siteji, mtsikana wanu mmodzi nkuiwala mawu nkutsika akulira. Ndiye mukufunsa kuti ulendo uno mungolamula kuti aliyense akhale chete, kapena muitane apolisi. Pepani kwambiri, ndipo mtsikanayo mumuuze kuti asasiye, zimenezo zagwerapo aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa anthu. Ine ndachita zisudzo zaka zambiri ndithu, mu maholo ndi pa mabwalo a m'midzi momwe, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga.

Zoti aliyense akhale chete zo, chonde musayerekeze. Anthu athu saonera sewero ngati akulemba mayeso ayi. Kumbukirani kuti tonsefe tinakula ndi nthano zoti agogo akati "padangokhala" ife nkumati "tili tonse", ndipo mukapanda kuyankha agogowo amasiya nthano poganiza kuti mwagona. Pa beni kapena pa manganje palibe amene amangoima ngati mtengo, wina akuwomba m'manja wina nthungululu wina walowa kale m'bwalo. Amene munaonerako Izeki ndi Jakobo kapena a Kwathu Drama Group mukudziwa kuti anthu amayankha nthawi yonse ndipo sewero limakoma ndi zomwezo. Ngakhale a Travelling Theatre a ku Chancellor College, m'ma 1980 pamene ankayenda m'midzi ya kufupi ndi Liwonde ndi masewero a zaumoyo, ankachita kuimitsa sewero dala nkufunsa anthu kuti apa titani, anthu nkumatsutsana pompo. Ndiye mayi akakuwa kuti "usamukwatire ameneyo ndi wabodza!" mayiyo sanakusokonezeni, wakulipirani kuposa tiketi, sewero lamulowa mumtima. Wosokoneza ndi wina, ndi uja amene sakutsata nkhani koma akufuna kuti maso onse achoke pa siteji apite kwa iye. Anthu awiriwa mukawaphatikiza nkuwakalipira limodzi holo yonse imakudani, mukawasiyanitsa holo yomweyo imakuthandizani kumukhazika pansi wachiwiriyo.

Tsono chimene anthu ambiri sakhulupirira nchakuti phokoso lambiri timaliyambitsa ndife eni sewero, tisanakwere nkomwe pa siteji. Mwalemba pa positala kuti 2 koloko, anthu abwera 2 koloko, inu mukuyamba 4 koloko chifukwa mukudikira alendo olemekezeka kapena wa jenereta wapita kukagula petulo. Maola awiri mu holo ya malata, ndi dzuwa la kuno ku Mangochi la mwezi wa Okutobala, munthu amafika poti chilichonse chikumunyansa, ana alira, anyamata atuluka akamwako abwerera. Yambani nthawi yake ngakhale mipando ina ilibe anthu, kapena ikani kagulu ka magule kaziwasangalatsa, ndipo mawindo onse atsegulidwe, pakhomo pakhale wogulitsa madzi ndi mafirizesi. China ndi kumveka kwa mawu. Anyamata a kumbuyo aja ndikukuuzani theka la iwo ankakuwa chifukwa samamva kanthu, munthu walipira koma akungoona milomo ikugwedera, atani? Pa rihesa yomaliza mu holo yomweyo inu mukakhale pa mpando wakumapeto kwenikweni mumve nokha, amene sakumveka abwereze mpaka amveke, ndipo jenereta ikhale kutali kuseri ndi waya wautali osati pawindo. Chiyankhulonso, kuno kwathu sewero la Chichewa chokhachokha limasiya anthu ena panja, thirani Chiyao apo ndi apo makamaka pa nthabwala ndi pa mawu a agogo, mudzaona mmene anthu amatchera khutu.

Nthawi ndi tsiku musankhe ngati munthu wa kuno. Lachisanu masana musayike, anthu ali ku mzikiti ku mapemphero a Juma. Ndipo werengani bwino kuti sewero lithe Magharibi, swala ya polowa dzuwa, isanakwane, chifukwa azana yoitanira anthu ku mzikiti ikamveka gawo la anthu lidzanyamuka pakati pa nkhani, mipando kusokosera, chitseko kutseguka kutsekeka, ndipo simungawadzudzule, akupita kukaswali. Ine ndimakonda kuyamba 2 koloko nkutha isanakwane hafu 4, amayi amafika kunyumba kukadali kowala, a ku Mpondasi kapena kutsidya kwa buliji amapeza kabaza mosavuta, ndiponso zidakwa zimakhala zisanafike pachimake. M'mwezi wa Ramadan ndi bwino kungodikira uthe. Tsiku limene Bullets ikusewera ndi Wanderers nalonso lipeweni, anyamata amabwera ndi wailesi m'khutu nkumakuwira chigoli pakati pa maliro a mu sewero.

Pakhomo ndiye pali nkhani yonse. Musayikepo anyamata a gulu lanu okhaokha, amachita manyazi ndi anzawo, amalowetsa aulere, ndipo woledzera sangawamvere. Pezani anthu akuluakulu awiri odziwika m'deralo, bambo ndi mayi, wina wa komiti ya sukulu kapena wa community policing. Munthu akafika akudzandira, kumubweza pakhomo ndi mawu ofatsa nkumubwezera ndalama yake ndi chinthu cha mphindi imodzi, koma kumutulutsa atakhala kale pakati pa mzere ndi nkhondo. Mabotolo asalowe. Ndipo musagulitse matiketi opitirira mipando, ndikudziwa ndalama imakoma koma anthu oimirira kumbuyo ndi m'mawindo ndi amene amayambitsa kukankhana. Ana muwayalire mphasa kutsogolo ndipo pakhale mayi mmodzi kapena aphunzitsi pakati pawo, amayi a makanda muwapatse mipando ya m'mphepete pafupi ndi khomo kuti mwana akalira atuluke abwerere popanda kuponda anthu, musawachititse manyazi, mwana sadziwa kuti kuli sewero. Akuluakulu onse musawaunjike kutsogolo ayi, pemphani awiri atatu olemekezeka akhale mizere ya kumbuyo. Mnyamata satukwana amalume ake atakhala pambali pake.

MC asanayambitse sewero anene zinthu zochepa, mwa nsangala, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe: sekani, yankhani, wombani m'manja, koma siteji ndi ya osewera okha, mafoni akhale pa silent, ndipo kujambula vidiyo kudikire kumapeto. Za vidiyozi mufotokoze chifukwa chake, anthu amamvera akamva chifukwa. Mtsikana akusewera ngati woyendayenda kapena woyembekezera, wina wajambula masekondi 20 waponya pa TikTok kapena pa sitetasi ya WhatsApp popanda mutu ndi mchira, mawa kanemayo wafika kwa bambo ake kapena kwa achibale ali ku Joni, ndipo atsikana ambiri aluso tawataya chonchi, makolo kuwaletseratu. Muwalonjeze kuti pamapeto osewera onse aima kutsogolo aliyense ajambule mmene angafunire, ndipo gulu likhale ndi wojambula wake mmodzi.

Tsono woledzera uja kapena wokuwa dala uja akayamba ndithu. Ndikuuzeni zimene zinatichitikira ife m'mudzi wina mbali ya ku Malindi, tinali ndi sewero la maukwati a ana, ine ndikusewera bambo wofuna kukwatitsa mwana wa Sitandade 7 kwa munthu wobwera ku Joni ndi njinga yamoto ndi matumba a katundu. Bambo wina msodzi, maso ofiira, malaya paphewa, anaimirira nkuyamba kukuwa kuti ife tabwera kudzanyoza anthu a m'mudzimo. MC wathu anatenga maiki nkumuyankha pa sipika, kumutchula chidakwa, anthu nkuseka kwambiri. Ife tinkaona ngati tapambana. Koma pasanathe mphindi zisanu anzake a pa boti limodzi anali ataimirira onse, miyala iwiri inagwa pa zinsalu zathu, amayi anatola ana awo nkubalalika, sewero linathera pomwepo ndipo uthenga wonse unapita ndi mphepo. Munthu uja sitinamukhazike pansi, tinamuvula pagulu pamaso pa akazi ake ndi apongozi ake, ndipo munthu wovulidwa pagulu sabwerera m'mbuyo.

Patapita miyezi tinabwereranso dera lomwelo, ulendo uno titayamba kaye kwa amfumu, iwo anatipatsa nduna yawo ndi mayi wina wachikulire wogulitsa zitumbuwa pa doko. Wina atayambanso zomwezija, mayi aja ananyamuka pang'onopang'ono, dengu lawo m'manja, anakakhala pansi pambali pake penipeni, anamupatsa moni wa Chiyao, kumufunsa za kunyanja ngati usipa ukuphedwa, kenako anamugwira pa mkono nkunena motsitsa kuti tiyeni mundiperekeze apo mundithandize kanthu. Bamboyo anadzuka yekha. Anthu ambiri sanaone nkomwe, ife pa bwalo sitinaime ngakhale mzere umodzi. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi limeneli: wosokoneza sayankhidwa pa maiki, amafikiridwa pafupi, ndi munthu amene amamudziwa, ndi mawu apansipansi, ndipo amapatsidwa njira yotulukira ulemu wake uli nawo. Koyamba kumuyang'ana ndi kumuyandikira basi, kachiwiri kumunong'oneza, kachitatu kumuperekeza panja nkumubwezera ndalama. Musamukoke malaya, musamuzungulire anthu asanu.

Pali chimodzi chokha chimene sindipereka mpata wachiwiri, ndi zachipongwe kwa atsikana. Wina akayamba kukuwa zolaula za thupi la mtsikana ali pa siteji, kapena kumugwira akamadutsa, ameneyo atuluke nthawi yomweyo kaya ndi mwana wa ndani, chifukwa atsikana anu akuona ngati muwateteza kapena ayi, ndipo makolo amene anakukhulupirirani nkukupatsani ana awo akuonanso. Mowasinthira zovala mukhale motseka bwino ndipo pakhomo pake pakhale mayi.

Osewera anu muwaphunzitse kuti si ntchito yawo kulimbana ndi munthu. Anthu akaseka kwambiri adikire kuseka kutsike kenako apitirize, asamalankhule m'kati mwa phokoso mawu amatayika. Wina akaponya mawu ogwirizana ndi nkhani, wosewera wozolowera atha kuwawakha nkuyankha ali m'khalidwe la munthu amene akumusewerayo, kamodzi kokha, anthu amakondwa kwambiri, koma kawiri katatu ndiye mwamupatsa gawo mu sewero ndipo sasiya. Munthu akakwera pa siteji onse aime, abwerere m'mbuyo, atsikana kuseri kwa anyamata, palibe kumukankha, ng'oma kapena nyimbo iyambe kuti anthu akhale ndi chomvera pamene akuluakulu akumutsitsa, kenako mubwereze kuyambira poyambira chigawocho. Zimenezi muziyeserere pa rihesa, musangozinena. Tengani anzanu atatu akhale ngati oonerera ovuta, wina azikuwa wina foni izilira wina akwere pa siteji, tsiku loyamba osewera adzaseka nkusokonezeka koma pofika kachitatu mudzaona kuti sakugwedezekanso.

Apolisi adziwitseni tsiku lisanafike, ndi bwino ndithu makamaka ngati pakhomo pali ndalama, koma ine ndimakonda kuti wa yunifomu akhale panja pafupi ndi geti, m'katimo mukhale anthu wamba. Amfumu a dera limene kuli holoyo nawonso pitani mukawaone, ngakhale ndi pa boma, ndipo ngati nkhani ya sewero ikukhudza chipembedzo kapena chinamwali kambiranani kaye ndi ashehe, abusa ndi anankungwi amve chimene mukufuna kunena. Ambiri amene amaoneka ngati osokoneza pa nkhani zotere amakhala kuti akhumudwa zenizeni, ndiye muwauze kuyambira pachiyambi kuti sewero likatha pali mphindi 15 zoti aliyense anene maganizo ake, munthu akadziwa kuti nthawi yake ikubwera amatha kudikira.

Ndipo kwa ife tonse amene timapita kukaonera, ana ochita sewerowa amakhala miyezi iwiri akuloweza mawu pansi pa mtengo, ena osadya, ena ayenda wapansi kuchokera kutali, chonde tikafika tizilipira pakhomo osati kusuzumira pawindo, foni ikaitana tizikayankhira panja, ndipo mnzathu amene tabwera naye akayamba zake tizimugwira ndife tomwe.

Mtsikana uja mumupatsenso gawo lomwelo achemwali, musamusinthe, ndipo mawu ake oyamba akhale aafupi oti sangawaiwale, akangowatulutsa nkumva anthu ayankha mantha amathera pompo. Mundiuze tsiku la rihesa yanu yomaliza ku inbox, Loweruka lililonse masana ndimakhala ndilipo, ndibwera ndi anzanga awiri tidzakhale kumbuyo tidzakusokonezeni dala mpaka ana anuwo azolowere.