Musananditume fulashi ku Joni, ndionetseni kaye pamwamba pa kamera yanu

Achimwene, uthenga wanu wandipeza pa boda ya Mwanza, tikudikira kuti katundu wa m'basi yathu aonedwe, ndiye nthawi yoyankha ndili nayo. Mwati mumajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Zomba, kamera yanu ndi Canon, ndipo kafulashi kamene kali pakamerapo kamakugwiritsani mwala mukalowa mu holo. Mukufuna kudziwa fulashi yoti mugule, komanso mmene geni yobweretsa zipangizozi imayendera, poti nanunso mukuganiza zoyamba. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa pa geni imeneyi ndalama zimapezeka kapena kutayika posankha katundu, ulendo usanayambe n'komwe.

Munthu akandiimbira kuti ndimugulire fulashi, za ndalama ndimafunsa pambuyo. Choyamba ndimamuuza kuti atenge foni, ajambule pamwamba pa kamera paja pamakhala fulashi, pamene ojambula amati hot shoe, anditumizire pa WhatsApp. Pakati pa kachitsulo kameneko pamakhala kadontho kamodzi kokulirapo, ndipo pafupi pake pali timadontho ting'onoting'ono. Kokulirapoko ndi kamene kamauza fulashi kuti iyake. Ting'onoting'onoto ndi polankhulirana kamera ndi fulashi, ndipo kampani iliyonse inatiyala mwa njira yake: Canon ili ndi tinayi, Nikon titatu, Sony inabisa take kutsogolo kwa kachitsuloko. N'chifukwa chake pa bokosi la fulashi ya Godox mumaona chilembo kumapeto kwa dzina. TT685C ndi ya Canon, TT685N ya Nikon, S ya Sony, F ya Fujifilm. Mukazigoneka patebulo zimaoneka ngati mapasa, koma mukalakwitsa chilembocho mwagula fulashi imene singamvane ndi kamera ya kasitomala wanu.

Kungondiuza kuti "ndi Canon" sikundikwanira, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Canon inatulutsa makamera ena otsika mtengo, monga 2000D, 4000D ndi 250D, opanda kadontho kapakati kaja. Amenewa ndi amene achinyamata ambiri oyamba kumene amagula. Mafulashi wamba monga Godox TT600 kapena Yongnuo YN560 ali ndi pini imodzi yokha, yapakatiyo, ndiye pa kamera yotere sayaka ngakhale pang'ono. Ine izi ndinazidziwira m'manja. Mnyamata wina wa ku Ndirande anandituma fulashi yotsika mtengo, ine n'kumugulira ya pini imodzi ndisanaone kamera yake. Ndinafika Lachinayi, iye ali ndi ukwati Loweruka. Tinakumana pa Wenela, tinaika mabatire, kabatani koyesera kanayatsa bwinobwino. Titaikweza pa 4000D yake, zii. Anadina kakhumi, akupukuta pini ndi malaya, nkhope itagwa. Sitolo imene ndinagulako inali masiku awiri pamsewu kumbuyo kwanga. Ndinamubwezera ndalama zake zonse, ndinamubwerekera fulashi kwa mnzanga kuti ukwati usaonongeke, ndipo yanga ija inakhala m'kabati miyezi ingapo mpaka anabwera wa Nikon. Ngati yanu ili m'gulu limeneli, mufunika fulashi ya TTL, imene kamera imaisankhira yokha mphamvu, yokhala ndi mapini onse a Canon, ndipo ngakhale imeneyo iyesedwe pa kamera ya mtundu womwewo, chifukwa zina zakale zimafuna kaye kuzilowetsa pulogalamu yatsopano kudzera pa kompyuta.

Tsono TTL n'chiyani? Fulashi ya manyuwalo mumaiuza nokha mphamvu: yonse, theka, kota, kutsika mpaka 1/128. Ya TTL imaphethira kaye pang'ono chithunzi chisanajambulidwe, kamera n'kuyeza kuwalako, n'kusankha yokha mphamvu. Canon amati E-TTL, Nikon amati i-TTL. Kwa munthu wojambula zithunzi za pasipoti kapena za mu situdiyo, pamene munthu amaima malo amodzi, ya manyuwalo ndi yokwanira ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Koma inu mumajambula perekaniperekani. Uku anamkungwi akuvina chapafupi, mukacheuka akuchimuna akubwera ndi mbale kutali uko, ndalama zili m'mwamba. Nthawi yosintha manambala palibe. Kwa inu ndikanasankha ya TTL, monga TT685 kapena V860, ndipo ndikanalimba nazo ngakhale mutadandaula za mtengo.

Chimodzi chokha muchidziwe, chimene ogulitsa kusitolo sakuuzani. TTL imapusitsidwa ndi velo. Diresi loyera limabweza kuwala kwambiri, kamera imayesa kuti kwawala mokwanira, n'kuchepetsa mphamvu, ndiye diresi limatuluka bwino koma nkhope za akwati zimada. Pa khungu lathu zimenezi zimaoneka msanga. Makasitomala angapo anandibwezerapo fulashi akuti ndi yofooka, chonsecho chofunika chinali kungoonjezera pang'ono pa kabatani ka + ndi -. Wogulitsa mafulashi ayenera kudziwa kuonetsa zimenezi, apo ayi azilandira katundu wabwinobwino akubwezedwa.

Pa bokosi mudzaonanso nambala yolembedwa GN. Imeneyo ndi mphamvu. Mukaigawa ndi nambala ya f ya lenzi, mumapeza mamita amene kuwala kungafike pa ISO 100. GN 60 pa f/4 ndi mamita 15. Canon 430EX ili ndi 43, 600EX ili ndi 60, TT600 ndi TT685 nazonso 60, YN560 ili ndi 58, pamene kafulashi ka pakamera kaja kamathera cha pa 9 mpaka 13. Koma 60 ameneyo amamuyeza fulashi itapanikiza kuwala pa 200mm, ngati tochi. Mukaitambasula kuti mujambule gulu la abale, mphamvu imatsika kwambiri. Ndiye musamayerekeze manambala a mabokosi awiri musanaone kuti anayezera pa mamilimita angati.

Chimene ndimaonetsetsa kwambiri ndikaigwira m'manja ndi khosi. Mutu wa fulashi uzitha kuwerama m'mwamba ndi kutembenukira kumbali zonse, ndipo uziima pamene mwauimika osagwa. Kuwala kowomba munthu pamphumi kumanyezimiritsa thukuta n'kusiya chithunzithunzi chakuda pakhoma. Mukakulozetsa ku siling'i yoyera kumabwerera kofewa. Vuto ndi lakuti maholo athu ambiri ndi matchalitchi alibe siling'i, ndi malata okha kutali m'mwamba, ndipo kuwala kukapita kumeneko sikubwerera. M'tenti yoyera zimatheka bwino, m'tenti ya mizere yamitundu anthu amatuluka obiriwira. Pa malo otere mumadalira kakhadi koyera kamene kamasololoka pamutu pa fulashi, ndiye ndimakasolola ndili m'sitolo momwemo kuti ndione ngati kalipo. Ndimagulanso tizisoti tapulasitiki tofewetsa kuwala tambirimbiri. N'topepuka, sitidya malo m'chikwama, ndipo wogula fulashi sakana kuonjezera kamodzi.

Nkhani ya mabatire ndi imene imagawa makasitomala anga pawiri. TT600 ndi TT685 zimadya mabatire anayi a AA. V860 ili ndi batire lakelake la lithium, limene pa V860II kampani imati limayatsa ka 650 pa mphamvu yonse ndipo limadzaza pa sekondi imodzi ndi theka. Kwa wa m'tauni ameneyo ndi mpumulo waukulu. Koma wojambula amene amapita ku maukwati a kumudzi, kapena amene magetsi akwawo amazimazima, ndimamulangiza za AA, chifukwa zikamuthera atha kuthamangira pa okala n'kupitiriza ntchito. Angogula ochajidwa, monga Eneloop, magulu awiri kapena atatu ndi chaja yake. Mabatire wamba amachedwetsa fulashi, mumadikira kanyali kuti kayake mphete italowa kale pachala. Ngati mwasankha ya lithium, batire lachiwiri ligulidwe ulendo womwewo, chifukwa kuno kulipeza n'kovuta. Ndipo chaja yogula ku South Africa nthawi zambiri imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira pamene masoketi athu ndi a mano atatu amakona, ndiye kaadaputa kamodzi ndimaika m'bokosi lililonse.

Mudzamvanso za HSS. Makamera ambiri salola fulashi kupitirira liwiro lojambulira la 1/200 kapena 1/250 ya sekondi, ndipo HSS imachotsa malire amenewo kuti muzijambula padzuwa la masana, monga ku Botanic Gardens akwati akatuluka mu tchalitchi. Pa Canon yanu zithandiza. Koma wa Nikon D3200, D3500 kapena D5300 musamulipiritse chifukwa cha HSS, makamera amenewo alibe. Ndipo mafulashi akalekale a nthawi ya mafilimu, amene mungawapeze pa kaunjika, asiyeni. Ena, monga Vivitar 283 zoyambirira, amatumiza mavoti oposa 200 pa pini ija, ndipo atha kuotcha kamera ya masiku ano.

Tsopano za ulendo. Kuchokera ku Blantyre basi imadutsa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. A ku Lilongwe amatulukira pa Dedza. Ndi masiku awiri, ndipo Beitbridge ikadzaza amaposa. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku osapitirira 30 ku South Africa. Onani chidindo musanachoke pa windo, chifukwa mukapitiriza masiku amakuletsani kulowanso, ndipo geni yathera pomwepo. Ena amapita ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, kukapikula ku Kariakoo. Kumeneko ndimadziwako za ma tripod, zikwama ndi nyali za LED, koma mafulashi ine ndimakonda ku Joni chifukwa ndimapeza masitolo opereka lisiti lenileni ndi waranti.

Ndimayenda ndi kamera ziwiri zakale, Canon ndi Nikon, ndi mabatire ochaja kale. Fulashi iliyonse ndimaiyesa pa kauntala: iyake pa mphamvu yonse ndi yochepetsetsa, zumu imveke ikuyenda mkati, chitseko cha mabatire chitsekeke bwino, phazi likhale lachitsulo ndipo limange zolimba. Sitolo yokana kuti ndiyese ndimaidutsa. Kumamolo a katundu wa ku China mitengo imatsika, koma samalani ndi zolembedwa Canon kapena Nikon pa mtengo wokayikitsa, makamaka mabatire ndi machaja. Kuli bwino Godox yeniyeni kusiyana ndi Canon yabodza. Zogwiritsidwapo kale ntchito ndimagula pokhapokha nditaona kuti galasi lakutsogolo silinachite chikasu ndi kutentha, ndipo m'chipinda cha mabatire mulibe zoyera zotuwa za batire lophulika.

Lisiti likhale lolembedwa Tax Invoice, lokhala ndi nambala ya VAT ya sitoloyo. Limagwira ntchito katatu. Ndi limene mungafunsire kubwezeredwa VAT ya 15 peresenti ya ku South Africa potuluka, katundu ataonetsedwa kwa akasitomu, ngakhale ndalama imeneyo sibwera tsiku lomwelo ndipo ine sindiiwerengera pa mtengo. Ndi limene a MRA amaonera poika msonkho ndi VAT ya kuno, ndipo wopanda lisiti amamuikira mtengo okha. Ndi limenenso mudzabwerere nalo fulashi ikafa. Mudzamva anzathu pa boda akunena za STR ya COMESA, ndondomeko yochepetsera msonkho amalonda ang'onoang'ono. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'mayiko a COMESA amene ali pa mndandanda wake. Fulashi yopangidwa ku China kapena ku Japan simo, ndiye msonkho muuwerengere musananyamuke. Mafulashi sindiwaika mu ngolo ya basi pamodzi ndi mafiriji ndi mabelo. Amakhala m'chikwama cha pamiyendo, okulungidwa m'zovala, mabatire atachotsedwa.

Poika mtengo musayambire pa ndalama imene munagulira rand, yambirani pa imene mudzagulire rand ulendo wotsatira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali atagulitsa katundu pa ngongole pa mtengo wakale anatolera ndalama zosakwana kuodanso katundu yemweyo. Pamwamba pa mtengo wogulira muikepo gawo la basi, malo ogona, msonkho, ndi kangachepe kosungira fulashi imodzi imene idzabwezedwe, chifukwa idzakhalapo. Kasitomala wanu sangapite ku Joni kukadandaula, waranti yake ndinu.

Komanso mafulashi okha sangalipire basi. Si sopo kapena mafuta ophikira, wojambula akagula imodzi amakhala nayo zaka. Ine ndimanyamula katundu wina woyenda msanga, ndipo mafulashi odula ndimagula pokhapokha munthu atapereka theka. Amene ndimasunga osadikira oda ndi TT600 zochepa, mabatire, machaja, ma trigger (tizipangizo toika pa hot shoe toyatsira fulashi ili patali) ndi maambulera ofewetsa kuwala. Wogula fulashi lero, pakatha miyezi amafuna kuichotsa pakamera n'kuiimika pambali, ndipo poti mafulashi a Godox amenewa ali ndi wailesi mkati, amangofunika trigger ya chilembo cha kamera yake. Amabwerera kwa amene anamugulitsa fulashi yoyaka. Inu muli ndi mwayi umene ine ndinalibe poyamba: ndinu wojambula, anzanu a ntchito mumakumana nawo Loweruka lililonse, ndipo makamera awo mumawadziwa. Yambani ndi maoda atatu kapena anayi a anthu amenewo, mutume munthu wodalirika ulendo umodzi kapena iwiri musanakwere basi nokha.

Akutiitana kuti tikatsegule zikwama. Ndibwereranso ku Joni kumapeto kwa mwezi. Nditumizireni chithunzi cha hot shoe chija, chojambulidwa pafupi pamalo owala, nambala yonse ya kamera imene yalembedwa kutsogolo kwake, ndipo mundiuze ngati maukwati anu ambiri amakhala m'tauni kapena kumudzi.