Mfuti imagwiridwa pomaliza, adzukulu anga

Adzukulu anga a kuno ku Joni, mafunso awiri amene andipeza onse akuloza kutchire, ndiye ndiwayankha pamodzi. Mnyamata wina wa ku Rosettenville akuti analowa kalabu ya akuluakulu odzipereka amene amatenga achinyamata Loweruka kukawaphunzitsa zakutchire ndi ulenje. Miyezi yapitapo ndithu, koma iye sanaloledwe kuwombera nyama. Ntchito yake n'kunyamula madzi, kuloweza malamulo ndi kubowola mapepala pa chandamale. Akufunsa ngati sakungomutayitsa nthawi, poti mnzake wamuuza kuti mfuti imapezeka mosavuta m'makwalala, ndiponso kuti pali anyamata amene amakwera taxi ndi agalu Lamulungu m'mamawa n'kubwerako ndi nyama. Wawonjezanso kuti: "Ife Amalawi ulenje tinabadwa nawo, azungu atiphunzitsanji?" Winayo ndi mtsikana wa ku Cosmo City. Iye akufuna kulowa nawo, koma amayi ake akuti ulenje si wa akazi.

Ndiyambe ndi iwe mnyamata. Sakukutayitsa nthawi. Akukulera, ndipo akukulera mmene makolo ako ankalerera alenje.

Ukuti tinabadwa nawo. Ayi mdzukulu wanga, palibe anabadwa atagwira mkondo. Uzimba wa kwathu sunali chipwirikiti. Tsiku ankalengeza ndi akuluakulu, zokolola zitalowa m'nkhokwe, udzu utauma. Amuna ankatuluka ndi mikondo, mauta, zibonga ndi agalu, ena atatsogola kukatchera maukonde. Kamnyamata kongoyamba kumene sankakapatsa mkondo. Kankagwira agalu, kankakuwa pamzere wa ovumbulutsa nyama, ndipo pobwerera kankasenza mwendo wamagazi paphewa mpaka kumudzi. Pochita zimenezo m'pamene maso ankatseguka: kudziwa phazi la gwape ndi la mbawala, kudziwa kuti ndowe iyi ndi ya usiku wathawu kapena ya dzana. Panalinso malamulo okhwima. Woyamba kulasa ndiye mwini nyama, ngakhale wina achite kuitsiriza. Wotsirizayo anali ndi gawo lake, mfumu inali ndi gawo lake, ndipo wobisa nyama patchire ankachita manyazi pabwalo. Tsono ukamaona mkulu wa ku kalabu akukusenzetsa chigubu cha madzi, usati ndi zachizungu. Agogo ako akanakhalapo akanakusenzetsa chimodzimodzi, mwinanso mokalipa kuposa pamenepo.

Za malamulo a dziko lino tchera khutu, chifukwa ana athu ambiri amagwera pomwepa. Lamulo la mfuti la South Africa, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limati munthu asanapemphe laisensi ayambe wapeza chiphaso chosonyeza kuti anaphunzira ndipo ndi woyenera kugwira mfuti. Chiphasocho chimachokera kwa apolisi a SAPS. Chimaperekedwa kwa munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo, pokhapokha patakhala chifukwa chapadera, komanso munthuyo akhale nzika ya dziko lino kapena akhale ndi chilolezo chokhazikika kuno. Ambiri a ife mapepala athu ndi a ntchito kapena a sukulu, ndiye kuti khomo limenelo n'lotseka pakadali pano. Koma lamulo lomwelo limalola munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo, yemwe ali ndi laisensi, kubwereka wina mfuti yake kuti awombere, mwini wakeyo ataima pomwepo akuyang'anira, pamalo otetezeka ndi pa cholinga chololedwa. Kalabu yako yaima pamenepo. Mkulu amene amaima kumbuyo kwako pa chandamale waika dzina lake ndi laisensi yake m'manja mwako. Ukalakwitsa iwe, oyankha ndi iye. Nanga akupatse bwanji chipolopolo asanaone kuti ukamva kuti "leka!" umalekadi?

Mfuti ya m'makwalala ija usaiyandikire n'komwe. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi kungakugoneke m'ndende mpaka zaka 15, ndipo sudziwa kuti mfutiyo inapha ndani isanafike kwa iwe. Mnzako amene akukuuza kuti n'zosavuta sadzabwera kudzakuona.

Tsopano ndikuuze zimene ukuyembekezera, kuti udziwe kuti kudikiraku kuli ndi phindu. Chinthu choyamba chimene mlenje weniweni adzakupatse ndi phulusa, atalimanga m'kansanza kapena m'sokosi yakutha. Ukagwedeza pang'ono, fumbi lake limakuonetsa kumene mphepo ikulowera. Nyama umaiyandikira mphepo ikukuwomba kumaso. Ikangotembenuka n'kukuwomba kunkhongo, nswala imachita phwii! ndi mphuno, gulu lonse balala. Ngoma, nyama ya nyanga zopotana ija, imauwa kamodzi kokha ndi liwu lokhuthala, basi, tsiku lako latha. Udzaphunzira kuponda osathyola kamtengo, kuima chilili miyendo ikuchita dzanzi, kusiya foni m'galimoto. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kutchire mawu amenewa umawamva m'mawondo.

Mapepala amene ukubowolawo ali ndi chifukwa. Malo olasa nyama kuti ife msanga ndi aang'ono: kuseri kwa mwendo wakutsogolo, m'munsi pang'ono mwa pakati pa thupi, pomwe pali mtima ndi mapapo. Munthu amene sangathe kuika zipolopolo zake pamalo amodzi papepala, mtima uli m'malo, sangathe kutero nswala ili patsogolo pake, mtima ukugunda thi thi thi, manja akunjenjemera. Ukaphonya pamenepo umathyola nsagwada kapena kuboola mimba, ndipo nyamayo imakafa pang'onopang'ono, masiku angapo, ikuvutika ndi ludzu ndi mphutsi. Zimenezo zimandiwawa kuposa china chilichonse pa nkhani ya ulenje.

Ndiye mfuti ikalira, ntchito siinathe, yangoyamba. Upite pamene nyama inaima, ugwade, uyang'ane magazi. Ofiira mowala, a thovu, ndi a m'mapapo, nyamayo siili patali. Akuda ndi a chiwindi, khala pansi kaye. Ukaona zobiriwira zosakanikirana ndi udzu wogayika, zonunkha, walasa m'mimba. Apo ukathamangira, nyama imadzuka pamene inagona n'kuthawira kumene sudzaipezanso. Umadikira, kenako n'kulondola pang'onopang'ono, dontho ndi dontho, ukumangirira tizidutswa ta tishu panthambi kuti mzere ukakusokonekera ubwerere pamene unaona magazi omaliza. Dzuwa litentha, minga ikukoka malaya, njala ikuluma, koma nyama yolasidwa sasiya. M'mafamu ambiri a kuno, magazi akangooneka umalipira nyamayo ngati waipha, kaya waipeza kaya ayi. Ena amadandaula nalo lamulo limeneli. Ine ndimaligwirizana nalo, chifukwa limaphunzitsa chala kudikira.

Uzindikirenso kuti tchire la kuno lili ndi eni. Kuyambira 1991, lamulo la Game Theft Act linapereka umwini wa nyama zakutchire kwa mwini malo amene anazitchingira ndi mpanda woyenera. Nswala ya m'famu ya ku Thabazimbi kapena ku Waterberg ili ndi mwini monga mbuzi ya m'khola. Polowa pamafunika chilolezo cholembedwa cha mwini malo, ndipo chigawo chilichonse, kaya Limpopo, North West kapena Free State, chili ndi malamulo ake a nyama zololedwa ndi nyengo yake. Alenje ambiri amapita m'chisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Masamba amakhala atayoyoka, nyama siiwonongeka msanga chifukwa cha kuzizira, komanso nswala zimaswa cha mu Novembala ndi Disembala mvula ikayamba, ndiye m'chisanu ana amakhala atasiya kuyamwa.

Anyamata a taxi aja zonsezi alibe nazo ntchito. Amadula mpanda, n'kumasula agalu, ena akubetcherana ndalama kuti galu wa ndani agwire msanga. Galu sasankha. Amagwira yaikazi ya bere, kamwana, ngakhale nkhosa ya mwini famu. Umenewo si uzimba wa makolo, ndi umbava. Ndipo ukumbukire kuti ndife alendo kuno. Akagwidwa Mmalawi mmodzi ndi agalu m'famu ya eni, mawa m'makwalala sanena dzina lake, amati "Amalawi". Amayi ako ogulitsa pamsewu ndi amalume ako olima maluwa ku Randburg ndi amene amalipira.

Ndikanena kuti nyama zimatha, sindikuopseza. Dziko lomwe lino linali ndi mbidzi ya mtundu wake yotchedwa quagga. Anaiwombera mpaka kutha, yomaliza inafera m'khola la zinyama ku Amsterdam mu 1883. Kwathu nako, funsani a ku Chikwawa za Majete. Pofika 2003, pamene bungwe la African Parks linkayamba kusamalira nkhalangoyo, njovu, zipembere ndi mikango zinali zitatheratu. Anachita kuzibweretsa kuchokera kwina, mikango n'kufika mu 2012. Amene anamaliza nyamazo nawonso ankati ulenje anabadwa nawo. Kumudzi kwathu lero mwana amatentha phiri lonse chifukwa cha mbewa, gwape amangomumva m'nthano. Chizolowezi cha moto chimenecho usabwere nacho kuno. Udzu wa m'chisanu kuno ukagwira moto mphepo ili kumbuyo, umapsereza mafamu angapo tsiku limodzi, ndipo mlandu wake ndi waukulu.

Tsopano iwe mtsikana wa ku Cosmo City. Amayi ako sakunama, kwathu uzimba unalidi wa amuna. Koma tchire silinali lachilendo kwa akazi. Amene ankasiyanitsa bowa wodya ndi wakupha, amene ankadziwa chulu chotulutsa ngumbi ndi mtengo wa mphalabungu, anali amayi. Ine sindiona cholakwika kuti mwana wamkazi aphunzire kulondola mapazi ndi kugwira mfuti mwadongosolo. Akazi ambiri kuno amasaka, ndipo pa kudekha ndi kumva malangizo nthawi zambiri amaposa anyamata. Chimene ndikukana n'chakuti upite mozemba kapena uwayankhe amayi ako mwamwano. Mawu akuti "si za akazi" nthawi zina amabisa mantha ena: mwana wanga ali kutchire, kutali, usiku, ndi amuna amene sindikuwadziwa, atanyamula mfuti. Mantha amenewo ndi oyenera. Atenge amayi akowo Loweruka lina akaone okha. Akafunse ngati pali mayi wamkulu amene amayenda ndi atsikana, akafunse za kogona, atenge manambala a atsogoleri. Akakhutira, udzapita ndi madalitso awo. Akapanda kukhutira, dikira, tchire silithawa.

Izi ndikuuzanso makolo a anyamata. Kalabu yoona siichita manyazi ndi mafunso. Imafuna kholo lisayine mwana asanakwere galimoto. Atsogoleri ake angakuonetseni malaisensi awo, ndipo ambiri amakhala mamembala a mabungwe odziwika, monga SA Hunters and Game Conservation Association, lomwe linayamba mu 1949, kapena mabungwe a pansi pa CHASA, mgwirizano wa mabungwe a alenje a dziko lino. Mowa sutsegulidwa mfuti zisanatsekeredwe. Mkulu mmodzi satengana ndi mwana mmodzi kupita kwaokha popanda ena kudziwa. Mukaona chimodzi mwa izi chikupotoka, chotsanipo mwana wanu tsiku lomwelo.

Za khalidwe lanu kumeneko ndinene mwachidule. Anthu awa salipidwa. Loweruka lawo, petulo wawo, zipolopolo zawo, akuwonongera inu. Fikani nthawi isanakwane. Perekani moni kwa aliyense, makamaka antchito a pafamu amene amalondola mapazi ndi kusenda zikopa, chifukwa ambiri a iwo amalidziwa tchirelo kuposa mwini mfuti. Mfuti iliyonse muiyese yodzaza, ndipo isaloze munthu ngakhale mwanthabwala. Mukapatsidwa mpeni, bwezani mutatsuka. Tsiku limene mudzaphe nyama yanu yoyamba, musaiponde ndi nsapato n'kujambulitsa za pa Facebook, lilime lake lili panja. Itumbuleni nokha, manja alowe m'matumbo ofunda, muipachike pamthunzi, muphunzire kuidula ndi kuyanika biltong. Ndipo nyamayo isathere m'firiji mwanu. Amayi alandire choyamba, wokuphunzitsani mumupatse ngakhale akane, a nyumba yoyandikana nawo alaweko. Kwathu nyama ya uzimba sinkadyedwa chitseko chili chotseka.

Iwe wa ku Rosettenville, pamene ukudikira tsiku lako, usangokhala. Kum'mwera kwa mzinda womwe uno, pafupi ndi Mondeor, kuli Klipriviersberg Nature Reserve, komwe kuli mbidzi, nyumbu ndi blesbok, nyama yonga mbawala ya nkhope yoyera. Ukapeza mpata, kulinso Suikerbosrand cha ku Heidelberg. Pita m'mamawa, uyende m'njira zololedwa, uyang'ane pansi pamene dothi lili lofewa, uyese kusiyanitsa phazi la mbidzi ndi la nyumbu, uone kuti nyama zikukuzindikira uli patali bwanji mphepo ikasintha. Zimene waonazo ukazifunse kwa akulu a ku kalabu Loweruka lotsatira. Kumeneko kusaka n'koletsedwa, ndiye legeni isiye kunyumba. Utenge madzi, chipewa, ndi mng'ono wako.