Malo otchipa a ku Wales aja: yankho kwa achimwene ofuna kukakhala m'karavani

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga, pamodzi ndi mayankho a anzathu amene akukuchemererani kuti gulani basi, ndani akakuoneni kutchireko. Kwa amene mwalowa mochedwa, nkhani ndi iyi: achimwenewa amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, lendi yawafika pakhosi, ndiye aona pa Facebook malo a maekala awiri ku Wales akugulitsidwa £18,000. Akufuna akaikepo karavani, sola ndi thanki yokololera madzi a mvula osauza khonsolo, poti anamva kuti ukakhala zaka zinayi osagwidwa, palibenso angakuchotse.

Tiyambe ndi mtengowo. Malowo atchipa chifukwa simungagonepo. Kwathu mfumu ikakulozera malo, mawa lake umayamba kuumba njerwa. Kuno anazilekanitsa kalekale, kuyambira lamulo la 1947, ndipo lomwe likugwira ntchito lero ku England ndi Wales ndi Town and Country Planning Act 1990. Dothi likhoza kukhala lanu, dzina lanu lili ku Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa eni malo, koma mphamvu yonena kuti pamenepo pakhale nyumba ili m'manja mwa khonsolo. Munda womwewo utangopatsidwa planning permission, chilolezo cha khonsolo chomangira nyumba imodzi, mtengo wake umalumpha kangapo. Wogulitsayo akudziwa zimenezi kuposa inu ndi ine. Akanaona kuti chilolezo chikhoza kutuluka, akanakachitenga yekha n'kudya phindu lonselo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo musanyengedwe ndi zoti karavani ili ndi matayala, choncho si nyumba. Khonsolo siyang'ana matayala, imayang'ana zimene mukuchita pamalopo. Munda wa nkhosa mukayamba kugonapo, kuphikirapo ndi kuyanikapo zovala, mwasintha ntchito ya malowo, ndipo kusinthako kumafuna chilolezo ngakhale musanakhome msomali ndi umodzi womwe. Lamulo la masiku 28 limene wina watchula pamwambapa lilipodi, koma ndi la zinthu zosakhalitsa, monga kumanga tenti masiku owerengeka pa chaka. Masiku enawo mukagona kuti?

Tsopano zaka zinayi zija, poti ndi pamene pagona mtima wanu. Lamulolo linalipo ndithu: ukamanga nyumba popanda chilolezo, zaka zinayi n'kutha khonsolo osachitapo kanthu, unkapita kukatenga satifiketi yoti nyumbayo tsopano ndi yovomerezeka. Ku England analisintha kudzera mu Levelling-up and Regeneration Act 2023, moti kuyambira pa 25 April 2024 zaka zake ndi khumi. Ku Wales sanasinthe nawo nthawi imeneyo, koma musanasangalale, zaka zinayizo ndi za nyumba yomanga. Kukhala m'karavani amakuwerengera ngati kusintha ntchito ya malo, ndipo zimenezo zakhala zaka khumi kuyambira kale, ku Wales ndi ku England komwe. Zaka khumi zosadukiza, ndipo umboni wake mukaupereke ndinu.

Apa ndiye pali msampha. Kuti mukwanitse zakazo muyenera kusaoneka, koma mukabisala dala, makhoti amati zakazo sizikuwerengedwa. Mlimi wina wa ku Surrey, Robert Fidler, anamanga chinyumba chonga cha mafumu akale pafamu yake ku Salfords, n'kuchizinga ndi mitolo ya udzu wouma ndi malona mpaka osaoneka. Anakhalamo ndi banja lake zaka zinayi, mu 2006 n'kuchotsa udzuwo ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wapambana. Akuluakulu anagamula kuti kuchotsa udzuwo kunali mbali ya ntchito yomanga, choncho zaka zinayizo zinali zisanayambe n'komwe. Analimbana nazo m'makhoti zaka zambiri, mu 2015 anauzidwa kuti akapanda kugwetsa akakhala kundende miyezi itatu, ndipo mu 2016 nyumbayo inagwetsedwa. Wina ku Hertfordshire, Alan Beesley, anatenga chilolezo cha nkhokwe yosungira udzu wa ziweto, kunja ikuoneka nkhokwe, m'kati zipinda zogona ndi bafa. Mlandu wake unafika ku Supreme Court mu 2011, ndipo oweruza anati munthu sangapindule ndi chinyengo chake. Awatu ndi eni dziko, anthu oti anali ndi ndalama zolipira maloya.

Nanga zoti ndani akakuoneni? Kumidzi ya kuno anthu amadziwana, ndipo amadziwa munda uliwonse mwini wake. Mayi woyenda ndi galu m'mawa uliwonse akaona utsi pamalo pomwe sipanafukepo utsi, kapena galimoto yomweyomweyo itaima pageti usiku ndi usiku, sadzabwera kudzakufunsani, adzangolemba fomu pa intaneti. Makhonsolo ambiri amadziwa nkhani zotere kudzera mwa oyandikana nawo, kenako amayerekeza zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba. Ndipo tinene zoona, munthu wakuda pamudzi wa ku Ceredigion kapena Powys, madera akumidzi a ku Wales, sungabisale. Ofesala amabwera mwaulemu, n'kujambula karavani, mapaipi, chimbudzi, ngakhale zingwe zoyanikira. Kawirikawiri pamabwera kalata yotchedwa planning contravention notice, yoti muyankhe pasanathe masiku 21. Zikakanika amatulutsa enforcement notice, yonena tsiku loti mukhale mutachotsa zonse. Mutha kuchita apilo, koma mukaluza n'kunyozera, pamenepo wasanduka mlandu wa kukhoti. Chindapusa chake chilibe malire, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu yobwera kudzachotsa yokha katunduyo n'kukutumizirani bilu.

Ichi ndi chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu, kuposa ndalamazo. Mnzanu wobadwira konkuno akapezeka wolakwa amalipira, n'kupitiriza moyo wake. Inu muli pa visa yomangirizidwa kwa abwana anu, ndipo kutsogoloku mudzapempha indefinite leave (chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale) kapena unzika. Pa mafomu amenewo amafunsa za milandu, ndipo kubisa ndi kulakwa kwina kwapadera. Onjezani nkhani ya adiresi. Abwana amene anakusainirani visa amayenera kusunga adiresi yanu yeniyeni, banki imaifuna, inshuwalansi ya galimoto imaifuna. Mukalemba ya mnzanu wa ku Leicester pomwe galimoto ikugona ku Wales, tsiku la ngozi a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Komanso adiresi yabodzayo ndi yomwe idzakutsutseni tsiku lomwe mudzafune kutsimikiza kuti mwakhala pamundapo zaka khumi.

Za moyo wake weniweni ndinenepo pang'ono, poti makanema a pa YouTube amajambulidwa mu July. Ndinakachezapo mu January kwa mnzanga wina wa kuntchito amene ankakhala m'karavani pafamu ya munthu. Dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, ndipo tsiku lonse kuli mitambo, moti sola yake inkangokwanitsa foni ndi mababu awiri, mabatire akulira madzulo aliwonse. Mawindo ankachucha madzi ochokera mu mpweya wa anthu ndi nthunzi ya m'poto. Atatukula matiresi kuti ndione, pansi pake panali ponyowa, thabwa litachita nkhungu yakuda. Gasi wa m'botolo labuluu anali atakana kuyaka chifukwa cha kuzizira, anachita kukagula wa m'botolo lofiira. Paipi ya madzi inali itauma gwa, tinatunga m'zigubu. Pageti matope ofika m'akakolo, galimoto anaisiya kumsewu n'kumayenda mu gambutsi yunifolomu ili m'jumbo. Ife za kutunga madzi ndi kuphika pa nkhuni sizitiopsa, tinakula nazo. Chimene sitinakule nacho ndi chinyezi chozizira cha miyezi isanu, uku ukuyembekezeka pa shifiti 7 koloko m'mawa. Ndipo zonyansa za m'chimbudzi sungangokumbira dzenje monga kwathu, zili ndi malamulo akeake, makamaka pafupi ndi mtsinje.

Sindikunena kuti maloto anuwa ndi opanda nzeru. Ku Wales komweko ndi kumene kuli khomo lenileni. Kuyambira 2010 boma la kumeneko lili ndi ndondomeko yotchedwa One Planet Development, yolola munthu kumanga nyumba kumunda kumene ena sangaloledwe, bola moyo wake uchokere m'dothi lomwelo. Amene anatsegula njira ndi a Lammas, mudzi wa mabanja asanu ndi anayi pafupi ndi Glandwr ku Pembrokeshire, omwe analandira chilolezo mu 2009 atachita apilo. Koma zofunika zake n'zolemera. Mumalemba pulani yonse ya mmene mudzakhalire: chakudya, madzi, magetsi, zinyalala, maulendo. Pomatha zaka zisanu, 65 peresenti ya chakudya cha pakhomo izichokera pamalopo, pafupifupi theka lake mukulima kapena kuweta nokha, chotsalacho mukugula ndi ndalama za zokolola zanu. Ndalama za zovala, foni ndi council tax (msonkho wa nyumba wopita kukhonsolo) zizichokeranso m'mundamo. Chaka chilichonse mumapereka lipoti kukhonsolo, ndipo mumalemberatu mmene mudzachotsere nyumbayo zikadzakanika. Amene akwanitsa ndi anthu oti anasiya zina zonse n'kukhala alimi, ena akuweta njuchi, ena akugulitsa ndiwo zamasamba kapena mbande za mitengo. Munthu wa mashifiti a maola 12, amene visa yake imamuuza ntchito yoti agwire, sindikuona kuti angazikwanitse bwanji pakali pano. Mukadzapeza mapepala okhazikika, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo dzanja la Mmalawi pa khasu silochepa.

Njira ina, ku England ndi ku Wales komwe, ndi chilolezo chosakhalitsa cha mlimi, nthawi zambiri cha zaka zitatu. Muyenera kuonetsa kuti bizinesi yanu ya ulimi ikufuna munthu pamalopo usana ndi usiku, monga ziweto zobereka, ndiponso kuti idzabweretsa ndalama zokwanira. Nkhuku khumi ndi bedi la rape sizikwana.

Ngati mtima ukukakamirabe pa malo omwewa, musatumize ngakhale dipoziti musanachite izi. Gulani title register ndi title plan ku Land Registry, ndi mapaundi ochepa chabe, muone ngati wogulitsayo ndi mwini wakedi komanso ngati pali njira yovomerezeka yolowera kuchokera kumsewu. Minda yambiri yotchipa ilibe njira, umachita kudutsa kwa mlimi wina amene akhoza kutseka geti tsiku lililonse. Onaninso ngati mulibe mawu oti mukadzapeza chilolezo, mwini wakale adzadye nawo phindu. Lowani pa webusaiti ya khonsolo ya deralo, mufufuze ngati wina anapemphapo kale n'kukanizidwa. Mukaona munda umodzi waukulu utadulidwa timapuloti tambirimbiri, aliyense akulonjezedwa kuti chilolezo chikubwera posachedwa, thawani. Malonda amenewo adya ndalama za anthu ambiri kuno, ndipo makhonsolo amaika lamulo lotchedwa Article 4 pa minda yotere kuti usathe ngakhale kumanga mpanda popanda kupempha. Onani mapu a madzi osefukira a Natural Resources Wales, bungwe la boma loona za chilengedwe kumeneko. Kenako lipirani pre-application advice kukhonsolo, uphungu umene amapereka musanapemphe chilolezo, muwauze poyera zimene mukufuna, akuyankheni polemba. Ndipo loya akhale wanu, osati amene wakupezerani wogulitsayo.

Vuto lanu lenileni ndi lendi, ndiye £18,000 imeneyo ndikanakhala ine ndikanaiyang'ana ngati poyambira dipoziti ya nyumba, kaya ya shared ownership (kugula gawo la nyumba n'kumalipira lendi pa gawo lotsalalo), m'matauni otchipirapo monga Stoke kapena Hull, komwe ntchito yosamalira okalamba sisowa. Funsani kaye a mortgage broker, othandiza kupeza ngongole yogulira nyumba, ngati visa yanu ikuloledwa, poti mabanki amasiyana pa nkhani imeneyi. Pa kulima, kalembetseni allotment, kamunda kobwereka, kukhonsolo ya Leicester sabata ino, mndandanda wake umatalika. Nkhwani ndi bonongwe zimachita bwino m'chilimwe cha kuno, mukafesa mochedwerako chisanu chitatha.