Mafunso Anu: Kupeka nyimbo ya Salimo la pa Misa

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndimaphunzitsa kwaya kuno ku Chadiza. Ndamva kuti Akatolika olankhula Efik ku Calabar, ku Nigeria, amapeka okha maimbidwe a Salimo la pa Misa potsata kamvekedwe ka chilankhulo chawo. Amachita bwanji, nanga ife tingatolepo chiyani?
Mphunzitsi wa kwaya, Chadiza

YANKHO: Aphunzitsi, chilolezo chilipo kale. Chikalata cha 1963 cha msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, Sacrosanctum Concilium, pa ndime 119, chimati maimbidwe a makolo apatsidwe malo pa chipembedzo.

Mu Efik liwu limasintha tanthauzo malinga ndi kukwera kapena kutsika kwa mawu. "Obong" ndi mfumu, ndiponso Ambuye, koma mukalitchula mwina ndi udzudzu. Wopeka wa kumeneko akaphonya, mpingo wonse uimbira udzudzu! Ifenso tili ndi mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika. N'chifukwa chake nyimbo iyenera kutuluka m'mawu.

Tengani Salimo la tsikulo m'buku la mawerengo, osasintha liwu. Yambani ndi mzere umene mpingo umavomera. Ulankhuleni mokweza kasanu, mujambule pa foni, mulembe pamene mawu akukwera ndi pamene akutsika. Manotsi atsate njira yomweyo. "Chauta ndiye mbusa wanga, sindidzasowa kanthu" ali ndi popumira pamodzi, pambuyo pa "wanga". M'Chinyanja phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo ndilo limatalika: "waanga", "kaanthu". Makwaya ambiri amakoka "nthu" chifukwa anabwereka nyimbo ya azungu, ndiye Salimo limamveka ngati likuimbidwa ndi mlendo. Manotsi asanu kapena asanu ndi limodzi, kuyambira do kufika la, akwanira. Agogo a ku limana akalephera kuvomera atamva kawiri, fufutani, yambaninso.

Ndime ndiye zimavuta. Iliyonse ili ndi mawu akeake, choncho nyimbo imene yakhala bwino pa ndime yoyamba imapotoza yachiwiri. Mwina mupekere ndime iliyonse payokha, mwina wotsogolera aziyenda pa notsi imodzi n'kukhota pa maphatikizo atatu omaliza. Kwaya ya ku mudzi yopanda kiyibodi isankhe njira yachiwiriyi. Ndime aimbe munthu mmodzi pa gome la Mawu, osati kwaya yonse.

Alto ndi tenala azikwera ndi kutsika limodzi ndi soprano. Akalowera kwina monga m'mabuku a ku Ulaya, liwu limodzi limamveka pawiri. Ng'oma ndi chisekese zilowe pa kuvomera basi, pa ndime zikhale chete. Pa Lenti ingozisiyani. Musanaphunzitse kwaya, kawaimbireni Bambo Mfumu kuti aone ngati mawu akugwirizana ndi a m'buku.