Esiteti ya bambo ku Salima: kodi tidule mapuloti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogwira ntchito ku Lilongwe. Bambo awo anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo anasiya esiteti ya mahekitala 18 kufupi ndi msewu wochoka pa boma la Salima kupita ku Senga Bay. Ana alipo asanu, palibe amene akulima, zigafa zinagwa kalekale. Alongo awo awiri akuti malowo adulidwe mapuloti kuti pakhale lokeshoni yooneka bwino. Mayiwa akufunsa kuti: "Tiyambire pati? Nanga sitikuwalakwira malemu?"

Achemwali, pepani ndi zovutazo. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene likukusowetsani tulo. Ine ndikuona kuti simukulakwa. Maesiteti ambiri ang'onoang'ono a m'chigawo chapakati anatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980, pamene lamulo linkalola eni maesiteti okha kulima fodya wa bale n'kukagulitsa ku okushoni. Anthu ankatenga lizi, chikalata chobwereka malo ku boma kwa zaka zowerengeka, kuti alowe pa msika umenewo. Alimi a kumudzi ataloledwa kulima bale m'zaka za m'ma 1990, phindu lokhala ndi esiteti linayamba kuchepa. Bambo anatenga malowo kuti ana adye, aphunzire. Ngati lero malowo angasamale zidzukulu zawo mwa njira ina, cholinga chawo sichinafe. Chimene chingawalakwire n'kugulitsa mwa phuma, ndalama n'kuthera m'manja, abale n'kusiya kulankhulana.

Choyamba tsegulani sutikesi ya mapepala a bambo, mupeze lizi. Malizi ambiri a ulimi a nthawi imeneyo anali a zaka 21. Ngati bambo anatenga yawo cha m'ma 1980 ndipo sanaikonzenso, ndiye kuti inatha kale, ndipo mukhoza kukhala mukukangana za malo amene pa pepala simungagulitse. Pitani ku Unduna wa za Malo mukafunse ngati liziyo ili moyo, dzina limene lilipo, komanso ngongole ya lendi ya malo imene yaunjikana. Mukafunsenso zosintha ntchito ya malo, pakuti lizi ya ulimi ndi ya ulimi basi, simungaikepo nyumba zogona anthu popanda chilolezo. Malamulo a malo anasintha mu 2016, n'kukonzedwanso mu 2022, ndipo tsopano boma limayang'anitsitsa malo ongokhala komanso kagulitsidwe kake. Ndalama yolipira loya pa gawo limeneli musaiumire.

Dzina la bambo silisaina. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wa malemu ndi ana onse, aakazi ndi aamuna mofanana. Ngati panalibe wilo, pafunika kalata ya kukhoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo ofesi ya DC ku Salima ikhoza kukulozerani poyambira. Simunanene ngati mayi ali moyo. Ngati alipo, mawu awo amveke poyamba, ndipo nyumba imene akukhala isalowe n'komwe pa mapu a zogulitsa. Khalani pansi nonse asanu, amalume ali pomwepo, mulembe zimene mwagwirizana. Alongo anuwo akhoza kukhala ndi mtima wabwino, koma ndalama ya puloti yoyamba ikalowa m'foni ya munthu mmodzi, mlandu wayamba.

Tsopano za nthaka, ndipo apa ndichedwapo chifukwa anthu ambiri amapadumpha. Salima ndi chigwa. Malo amene mu Okutobala amaoneka ouma gwa, mu Febuluwale amasanduka dambo, ndipo mbali zina dothi lake ndi la makande, lija limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, n'kumang'amba makoma a nyumba. Tonse tinaona mu 2024 nyanja itakwera, madzi akulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwa nyanja. Musanaitane woyeza malo, kayendeni esiteti yonse mvula ili pakati, mutavala majombo. Tengani munthu amene analimapo zaka zambiri akuonetseni kumene madzi amadutsa ndi kumene amaima. Kumeneko sikogulitsa. Kukhale ngalande, mitengo, kapena dimba la banja. Madzi a pansi akakhala pafupi, zimbudzi zokumba ndi mijigo zimayandikana moopsa, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale kuno kunyanja.

Alongo anu mwina awerengetsa kale: puloti ya mamita 15 ndi 30, pa hekitala imodzi zikwana 22, kuchulukitsa ndi 18. Masamu amenewo ndi a pa pepala. Misewu idya malo, ngalande zidya malo, ndipo pulani yoti ivomerezedwe ndi khonsolo ndi a za mapulani iyenera kusiya malo a zinthu za anthu onse. Ndinaonapo malo ena m'boma lomweli amene eni ake anayamba n'kugulitsa, msewu n'kumati tidzaona. Aliyense anamanga mpanda mpaka m'malire, ndipo lero galimoto yonyamula wodwala imaima kutali, anthu n'kumunyamula pa njinga. Zinandiwawa, chifukwa ogulawo analipira ndalama zawo zokhetsera thukuta. Choncho pulani iyambe yavomerezedwa, saveya wa chiphaso aike mabikoni, giledala ipale misewu, kenako muziitana ogula. Mukafike msanga ku Central Region Water Board ndi ku ESCOM mukamve mtengo wofikitsa madzi ndi magetsi, musanalonjeze munthu aliyense kuti zilipo.

Pali anthu amene simunawatchule m'kalata yanu, koma ndikukhulupirira kuti alipo. Pa esiteti yakale sipalephera kukhala banja la tenanti limene linatsalira, ana awo anabadwira pomwepo, mwinanso pali manda. Palinso njira imene anthu a m'mudzi amadutsa popita ku mjigo kapena kukadyetsa ng'ombe. Kaonaneni ndi anyakwawa ndi agulupu musanabweretse makina. Malowo anali a mudzi asanakhale lizi, ndipo anthu amakumbukira. Amene anakuthandizani kulima fodya amene anakulipirirani sukulu musawathamangitse ngati akuba. Puloti imodzi kapena ziwiri sizikusaukitsani.

Madobadoba abwera okha akangomva. Ena adzati tipatseni malo onse tidule ndife, inu muzingolandira. Kampani yotere ikhoza kuthandiza ngati mulibe mpamba wa misewu, koma lizi isachoke m'manja mwanu mgwirizano usanawerengedwe ndi loya wanu, osati wawo.

Ndikanakhala ine, sindikanadula mahekitala onse 18. Ndikanayamba ndi anayi kapena asanu a kufupi ndi msewu, ndalama yake n'kukonzera gawo lotsatira, kwinako n'kubwereketsa kwa olima kuti pasamere tchire. Ndikanasiyanso malo ozungulira nyumba ya bambo ndi mitengo ya mango ija, olembedwa m'dzina la ana onse asanu. Mukakapeza liziyo, mundilemberenso mundiuze chaka chimene chalembedwapo.