Kodi ofalitsa nkhani pa intaneti amapeza zingati?

Achimwene, mwafunsa kuti munthu wolemba ndi kufalitsa nkhani pa intaneti amalandira zingati pamwezi. Mtengo wake si umodzi ayi. Wolembedwa ntchito pakampani amalandira malipiro okhazikika, ndipo amakwera malinga ndi zaka zimene wagwira ntchitoyo komanso luso, monga kukonza mavidiyo kapena kuchititsa kuti nkhani zizipezeka msanga pa Google.

Wodziimira payekha ndiye amakhetsa thukuta. Pa YouTube, kuti muyambe kugawana nawo ndalama za otsatsa malonda, pamafunika anthu 1,000 okutsatirani ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Mukafika pamenepo, pa mavidiyo aatali mumatenga 55 peresenti, YouTube n'kutsala ndi 45. Google AdSense, njira imene Google imalipirira ndalama za otsatsa malondazi, nayo situlutsa ndalama zisanakwane madola 100.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti oonera safanana mtengo. Munthu wa ku America woonera za inshuwalansi kapena ngongole amabweretsa zambiri kuposa anthu angapo oonera nthabwala, chifukwa otsatsa amamulimbirana. Ndalamazo zimakwera kumapeto kwa chaka, Januwale n'kutsika. Kwa ine, kudalira otsatsa okha n'kudzipweteka. Pa Substack, tsamba la pa intaneti limene olemba amafalitsirapo nkhani zawo, owerenga amalipira okha mwezi ndi mwezi, kampaniyo n'kudulapo 10 peresenti.