Funsani aloya: boma linati lasiya kumanga, nanga bwanji anthu akugonabe m'chitokosi?

Makalata a mwezi uno akukhudza malamulo oletsa kugonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Mayina a olemba tawabisa, monga anatipemphera.

Mwana wa mchimwene wanga anagona m'chitokosi masiku awiri anthu a m'dera atamuneneza kuti amagona ndi amuna anzake. Ine ndinamva pawailesi kalekale kuti boma linaimika lamulo limeneli. Kodi apolisi sanalakwe? — Azakhali, Zomba

Pepani azakhali, koma lamulolo likadalipo. Mu Penal Code, buku la milandu limene tinatengera kwa atsamunda, gawo 153 limaletsa kugonana kumene limati n'kosemphana ndi chilengedwe, ndipo chilango chake chimafika zaka 14. Kungoyesera chabe, gawo 154, ndi zaka 7. Gawo 156 limanena za amuna okhaokha, poyera kapena mseri, zaka 5. Akazi sankatchulidwa mpaka aphungu anawonjezera gawo 137A kumapeto kwa 2010, Bingu wa Mutharika n'kulisainira mu 2011. Nalonso ndi zaka 5. Ambiri sadziwa kuti gawo 153 silisankha: mwamuna ndi mkazi okwatirana nawonso lingawagwire.

Zimene munamva pawailesi zinalankhulidwadi, kungoti zinathera pakamwa. Mu Meyi 2010 khoti la majisitireti ku Blantyre linagamula Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga kukaseweza zaka 14 atachita chinkhoswe. Patangopita masiku ochepa Bingu anawakhululukira, atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, koma lamulo sanalikhudze. Mu Meyi 2012 Joyce Banda anauza Nyumba ya Malamulo kuti magawo amenewa adzachotsedwa, sanachotsedwe. Mu Novembala chaka chomwecho nduna ya zachilungamo, Ralph Kasambara, inamveka ikunena kuti apolisi asiye kaye kumanga, kenako mipingo itakwiya inakana kuti sinanene zotero. Mu Disembala 2015, amuna awiri atamangidwa ku Lilongwe, nduna ina, Samuel Tembenu, inabwereza zoti kumanga kwaimikidwa ndipo awiriwo anamasulidwa. Mu 2016 abusa ena anakatenga chiletso ku High Court ya ku Mzuzu choti boma lisaimike lamulolo.

Vuto lake ndi lakuti nduna ilibe mphamvu yogoneka lamulo. Lamulo limachotsedwa ndi aphungu, kapena khoti likagamula kuti likusemphana ndi Constitution, malamulo aakulu a dziko. Njira yachiwiriyi inayesedwa: pa 28 Juni 2024 oweruza atatu a High Court anakana pempho la Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, n'kunena kuti amene sakukondwa ndi magawowa apite kwa aphungu. Ndiye munthu amene sakhulupirira zonena za boma pankhaniyi sitingamunene kuti ndi wokayikakayika chabe. Zaka zonsezi zamuphunzitsa.

Komabe apolisi angakhale atalakwa pa zinthu ziwiri. Lamulo limalanga mchitidwe, osati mmene munthu alili, mayendedwe ake kapena miseche ya kumjigo. Pafunika chifukwa chomveka chokayikira kuti chinthu chinachake chinachitikadi. Chachiwiri, gawo 42 la Constitution limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera Loweruka, Lamlungu kapena tsiku la tchuthi, akaonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Werengani bwino tsiku ndi ola limene anamugwira. Ngati anapyoza, mungathe kukadandaula.

Ndinadziwana ndi munthu pa Facebook. Pano akuti ndikapanda kumutumizira ndalama pafoni atumiza mameseji athu kwa abwana anga ndi kupolisi. Ndatumiza kale kawiri. Kupolisi ndikuopa kuti akanditsekera ineyo. — Wothedwa nzeru, Mzuzu

Musatumizenso, achimwene. Wolanda mwa njira imeneyi akalandira kamodzi amadziwa kuti wapeza munda wokolola mwezi uliwonse, ndipo mtengo umangokwera. Kuopseza munthu kuti akupatse ndalama ndi mlandu, ngakhale chimene ukumuopseza nacho chitakhala choona. Kuopseza ndi kuzunza munthu kudzera pafoni kapena pa intaneti kukuletsedwanso m'lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016.

Musafufute chilichonse chimene iye wakulemberani. Jambulani mameseji oopsezawo nambala yake, tsiku ndi nthawi zikuoneka, sunganinso mameseji otsimikiza ndalama zimene munatumiza, chifukwa amaonetsa dzina limene nambalayo inalembetsedwa. Zonsezi zisungeni kwina, osati mufoni momwemo mokha. Musavomere kukakumana naye kuti "mukambirane"; anthu ambiri amamenyedwera ndi kulandidwira mafoni pamalo otere.

Mantha anu ndi apolisi ali ndi maziko, n'chifukwa chake musapite nokha. Yambani mwaonana ndi loya, kapena mabungwe omenyera ufulu wa anthu amene akhala akugwira nkhani zotere monga CEDEP ndi CHRR. Loya akuthandizani kulemba dandaulo lonena za kuopsezedwa kokhako. Chimene chimasokonekera kawirikawiri n'chakuti wodandaula amangopereka foni yonse pakauntala, wapolisi n'kuyamba kuwerenga za miyezi yam'mbuyo, nkhani n'kutembenuka. Pitani ndi mameseji osindikiza papepala.

Munthu akamangidwa pa mlandu umenewu, abale achite chiyani tsiku loyamba? — Mlongo wake wa wina, Lilongwe

Tsiku loyamba ndi limene milandu yambiri yotere imaonongekera, achemwali. Zimene zimachitika kuchipinda sizikhala ndi mboni kawirikawiri, choncho umboni waukulu umachokera pakamwa pa womangidwayo. Muuzeni kuti ali ndi ufulu wokhala chete, apereke dzina ndi kumene amakhala basi, ndipo asasaine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena yolembedwa m'chinenero chimene sachimva. Izi n'zofunika kwambiri kuno kwathu chifukwa gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, buku la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limalola khoti kulandira mawu ovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti anamukakamiza. Woweruza amangoyeza pambuyo pake ngati mawuwo ali oona. Kubweza chimene unasaina n'kovuta zedi.

Lembani dzina la siteshoni, dzina la wapolisi wofufuza, ndi nthawi imene anamugwira. Pemphani belo kwa mkulu wa siteshoni. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akatchula ndalama, chimenecho ndi chiphuphu. Akakana, loya akapemphe kukhoti. Opanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu otere pa milandu. Akafuna kupita naye kuchipatala kuti akamupime kumalo obisika, anene momveka kuti sakuvomera ndipo akufuna loya kaye. Bungwe la madokotala la World Medical Association linatsutsa kupima kotereku mu 2017 chifukwa sikutsimikiza kanthu. Ngati wamenyedwa, atenge lipoti la kuchipatala mabala asanapole, dandaulo lipite ku Independent Complaints Commission, yomwe imaona madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Ndikapita kukayezetsa magazi n'kunena zoona, anamwino sakandineneza? — Mnyamata, Mangochi

Chinsinsi cha wodwala n'chotetezedwa, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula zotsatira za munthu popanda chilolezo chake komanso kumusala. Ena amanyoza ndithu, sitikana. Zikatero kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatalapo kapena ku Nurses and Midwives Council. Koma musazengereze: ngati mwagonana mosadziteteza, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Funsaninso za PrEP, mankhwala omwa pasadakhale kuti musatenge HIV.

Inu aloya mukungoikira kumbuyo zachilendo. Ife tikudziwa kuti boma likufuna kulowetsa maukwati amenewa mwakabisira kuti azungu asatseke thandizo. — Mkulu wa mpingo, Blantyre

Bambo, inunso simukhulupirira boma, ndipo chifukwa chake n'chofanana ndi cha anzanu alemba pamwambapa: atsogoleri akhala akunena zina kwa opereka thandizo, zina kumisonkhano ya mipingo. Zoti maiko opereka thandizo amakankha nkhaniyi n'zoona. Zinaonekera poyera mu 2010.

Koma ukwati ndi ndende ndi nkhani ziwiri. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, potengera mmene munthu anabadwira. Mlandu wa Akster ndi Gonani uja, umene mipingo inachitira zionetsero mu Julayi 2023, sunali wopempha ukwati. Funso linali lakuti akuluakulu awiri ogwirizana azimangidwa kapena ayi. Mozambique inachotsa chilango chotere mu 2015, Botswana kudzera kukhoti mu 2019, ndipo konseko maukwatiwo sanavomerezedwe. Ku South Africa kumene amaloledwa, aphungu anachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 2006.

Mwakabisira sizingatheke. Bilo iliyonse imasindikizidwa mu Gazette (nyuzi ya zidziwitso za boma), imawerengedwa katatu m'Nyumba ya Malamulo, ndipo zokambirana zake zimalembedwa mu Hansard, buku la zonse zimene aphungu alankhula. Phungu wa dera lanu mungamufunse maganizo ake pamaso, ndipo komiti ya zamalamulo ya Nyumbayo imalandira makalata kuchokera kwa aliyense, wa mbali iyi kapena inayo.